Kampani yosinthanitsa mabanner yagulidwa ndipo webusaiti yanu yasokonekera? Onani izi musanasamuke

Vuto ili silachilendo ayi, limangobweranso ndi dzina lina. Muli ndi kawebusaiti kanu, kaya ka nkhani za mpira, ka nyimbo za kwaya, ka maphikidwe kapena ka bizinesi yanu, ndipo munalowa gulu losinthana mabanner, tizithunzi totsatsa tija timaoneka pa masamba, kuti anthu akudziweni popanda kutulutsa ndalama. Zinthu zikuyenda bwinobwino, kenako imelo ikulowa yoti kampani ija yagulidwa ndi chikampani chachikulu koma musade nkhawa palibe chimene chisinthe. Pakapita miyezi ingapo mukupeza pamene pamakhala banner pangotsala bokosi loyera, kapena tsamba likuchedwa kutseguka mpaka mlendo kutopa nkuchoka, kapena pa webusaiti ya mpingo payamba kutuluka zotsatsa za juga. Zonsezi zimakonzeka koma pamafunika kuyamba ndi choyenera kuyamba, chifukwa ambiri amakwiya nkufufuta akaunti tsiku lomwelo, kenako nkuzindikira mochedwa kuti ataya zinthu zoti sangazipezenso.

Timvetsetsane kaye mmene malondawa amayendera, chifukwa mavuto onse akuchokera pamenepo. Inu mumaika code ya kampaniyo pa tsamba lanu, mlendo akatsegula amaona banner ya munthu wina ndipo inu mumalandira credit. Ma credit amenewo ndi amene amatumiza banner yanu kukaoneka pa mawebusaiti a anzanu. Koma sikuti imodzi kwa imodzi. LinkExchange, yomwe Tony Hsieh ndi Sanjay Madan anayambitsa ku America mu 1996, inkayenda pa 2:1, mukaonetsa mabanner awiri yanu ikaoneka kamodzi kwina, malo otsalawo kampani inkagulitsa kwa otsatsa olipira ndipo ndalama zimachokera pamenepo. Mu November 1998 Microsoft inagula LinkExchange pa madola 265 miliyoni mamembala atadutsa 400,000, inaiphatikiza ndi ntchito zake za mabizinesi ang'onoang'ono zotchedwa bCentral, ndipo mu 2007 mabanner anasiya kuoneka. Wogula amakhala akufuna malo a pa masamba anu ndi mndandanda wa mamembala, ndipo ali ndi mapulani ake omwe sanawapange poganizira kawebusaiti kanu. Ndiye zikasintha musamadziimbe mlandu kuti mwina mwaononga china chake.

A ma app nawo zimawapeza chimodzimodzi, ndipo nkhani yawo ikuonetsa kuchepa kwa nthawi imene amakupatsani. Twitter inagula MoPub, kampani yoika zotsatsa mu ma app, mu 2013, mu October 2021 inalengeza kuti ikuigulitsa kwa AppLovin pa madola 1.05 biliyoni, malonda anatha mu January 2022 ndipo pofika pa 31 March 2022 MoPub inatsekedwa. Miyezi itatu yokha kuchokera pamene malonda anatha yoti munthu achotse SDK yakale, code ya kampaniyo ya mkati mwa app, aike yatsopano, ayese, atulutse update ndi kudikira kuti ogwiritsa ntchito aidawunilode. Ndiye imelo yoyamba ija ikangofika, tsiku lomwelo ndi loyamba kukonzekera ngakhale zonse zikuonekabe bwino.

Musanakhudze code ina iliyonse, lowani mu akaunti yakale musunge zanu. Jambulani screenshot ya ma credit amene muli nawo tsiku likuoneka, dawunilodani ma stats ngati pali batani la CSV, ngati palibe jambulani tsamba ndi tsamba. Tsitsani mabanner anu onse, ambiri anawapanga kalekale pa laputopu ina yomwe inafa ndipo kope lokhalo lili pa seva ya kampaniyo. Koperani malamulo akale ndi atsopano muwasunge mu fayilo, komanso lembani mayina a mawebusaiti amene amakutumizirani alendo ambiri, mndandanda umenewu muufuna kumapeto. Onaninso imelo imene munalembetsera, chifukwa wogula nthawi zambiri amasamutsa anthu onse kupita ku login yake ndipo link yotsimikizira imapita ku imelo yakale ija. Ngati imeloyo munaisiya kale, isintheni pano mukadali ndi mwayi wolowa. Kenako pangani backup ya webusaiti yonse pamodzi ndi database.

Za ma credit ndinene mosabisa, si ndalama zanu. Zili ngati zolembedwa mu kope la pa golosale, mwini wake akagulitsa golosaleyo watsopano atha kulemekeza kopelo kapena kuliponya mu katoni, ndipo malamulo amene munavomera polowa nthawi zambiri amanena kale kuti ma credit sasinthidwa ndi ndalama ndipo kampani ingasinthe kawerengedwe nthawi iliyonse. Sangasamukirenso ku kampani ina. Choncho ngati muli ndi ambiri agwiritseni ntchito msanga, chotsani malire a pa tsiku ngati munaika, onjezerani magulu a mawebusaiti amene banner yanu ingaonekere, athe mukuona. Kupatula ngati munachita kugula ma credit ena ndi ndalama, pamenepo lembani kalata kwa a support muphatikize lisiti ndi screenshot ija, mufunse kuti akubwezereni kapena awagwiritse ntchito tsiku lotseka lisanafike. Lembani mwaulemu komanso mwachidule, tsiku, nambala ya lisiti, kuchuluka kwake, basi. Mukaona ma credit akukwera pang'onopang'ono kusiyana ndi kale pomwe alendo anu sanachepe, fufuzani ngati sanasinthe ratio, mwina mwachoka pa 2:1 mwafika pa 3:1 ndipo chilengezo chake chinabisala pakati pa imelo yaitali.

Tsopano bokosi loyera lija. Musathamangire kunena kuti kampani yafa, yambani ndi zapafupi. Tsegulani tsambalo pa foni ya munthu wina kapena pa browser ina yopanda ad blocker, chifukwa nthawi zina code ikasamukira ku domain, kapena kuti adiresi ya pa intaneti, ya chikampani chachikulu imagwera pa mndandanda wa zotchinga pomwe yakale ija sinalipo. Ngati kulibebe, pa kompyuta dinani F12 mu Chrome kapena Firefox mupite pa Console, mutsegulenso tsambalo muwerenge mizere yofiira. Mukaona mawu akuti Mixed Content ndiye kuti webusaiti yanu ili pa https koma code ikuitana http, ndipo browser ikukana dala. Yesani kusintha http ija kukhala https mu code, ikagwira mwathana nazo, ikakana ndiye kuti seva yakaleyo ilibe certificate ndipo mukufunika code yatsopano kuchokera mu dashboard. Mukaona 404 ndiye kuti fayilo inasamutsidwa, 403 kawirikawiri ndiye kuti akaunti yanu kapena domain yanu sinavomerezedwe mu dongosolo latsopano, pitani mukaone ngati sakufuna kuti mutsimikizirenso kuti webusaitiyo ndi yanu. Mukaona ERR_NAME_NOT_RESOLVED ndiye kuti domain yakaleyo kulibenso, ndipo chimenechi ndichoopsa kuposa zonse, ndibwererakonso pansipa. Ngati mwaika code yatsopano koma palibe chikusintha, ndi cache imeneyo, kope lakale la tsamba losungidwa kuti lizitseguka msanga, fufutani ya plugin ya WordPress, ya Cloudflare ngati mumagwiritsa ntchito, ndi ya browser yanu yomwe.

Tsamba lochedwa kutseguka nalo gwero lake limakhala lomweli. Code zambiri zakale zimaimitsa tsamba lonse mpaka seva yawo iyankhe, ndiye seva ikakhala yotopa kapena akuizimitsa pang'onopang'ono, browser imangodikira, mlendo akuona mutu wa tsamba wokha pansi ponse mbee. Mu F12 momwemo pitani pa Network, tsegulaninso tsamba, muone mzere umene ukutalika kwambiri kapena wangoima pa pending. Ukakhala wa kampani ya mabanner, chotsani code ija kaye kwa kanthawi muone kusiyana. Ena amangoonjezera async pa script, zimathandiza pa code zatsopano, koma ngati code yanu ili ndi document.write mkati async imaipha ndipo banner siituluka nkomwe, bola kutenga ya iframe ngati kampaniyo imapereka. Ndipo kumbukirani kuti owerenga athu ambiri amalowa pa foni ndi bandulo yowerengera, munthu sangadikire tsamba limene likumudyera ma MB pa chinthu choti sichikuonekanso.

Apa ndiye ndikupempheni mumvetsere bwino. Code ya banner ndi chilolezo chimene munapereka kuti seva ya munthu wina iziyendetsa script pa tsamba lanu. Nthawi yonse imene domain ija ili m'manja mwa kampani yodalirika palibe vuto, koma wogula akatseka ntchitoyo, pakapita zaka domain itha kusiyidwa osalipiridwa kapena kugulitsidwa, ndipo aliyense amene waitenga amakhala ndi khomo lolowera pa mawebusaiti onse amene anaiwala kuchotsa code. Atha kutumiza alendo anu ku masamba a juga, a zolaula kapena onamiza anthu kuti apambana foni, ndipo amachenjera, amachita izi kwa a pa foni okha, inu mukatsegula pa laputopu zonse zili bwino. Zinachitika ndi polyfill.io, domain yomwe mawebusaiti ambiri ankatengako script, sinali ya mabanner koma njira yake ndi yomweyi. Domain inagulidwa ndi kampani ina mu February 2024 ndipo pofika June chaka chomwecho ofufuza za chitetezo cha pa intaneti a kampani ya Sansec analengeza kuti ikutumiza code yoipa ku mawebusaiti oposa 100,000. Ndiye owerenga akayamba kukudandaulirani pa WhatsApp kuti akatsegula link yanu akumapezeka ali kwina, musawatsutse chifukwa choti kwa inu zikutseguka bwino, yambani kusaka code zakale nthawi yomweyo. Google ikazindikira inu musanazindikire, Chrome imaika chenjezo lofiira pa webusaiti yanu ndipo kulichotsa kumafuna kuyeretsa kaye nkupempha kuti ayang'anenso kudzera mu Search Console, chida cha Google cha eni mawebusaiti.

Kuchotsa code yonse ndi kumene ambiri amalephera, chifukwa inabisala malo ambiri. Pa WordPress onani ma widget kuphatikizapo amene ali pa inactive, onani header.php ndi footer.php za theme, onani plugin yoikira ma script ngati muli nayo, komanso mkati mwa nkhani zakale momwe mwina munamata code pamanja zaka zapitazo. Njira yachangu ndi kulowa mu phpMyAdmin, chida choonera database pa hosting yanu, kudina Search, kulemba domain ya kampani yakale ndi kusaka matebulo onse. Ngati webusaiti yanu ndi ya mafayilo a HTML ndipo muli ndi SSH, njira yolowera pa seva nkumalemba malamulo, lamulo la grep -r lotsatiridwa ndi dzina la domain likuonetsani fayilo iliyonse imene ili nayo, ngati mulibe SSH dawunilodani mafayilo onse musake ndi Notepad++ pa Find in Files. Pa Blogger onani ma gadget a HTML mu Layout ndi mkati mwa theme. Ngati mumagwiritsa ntchito Google Tag Manager musaiwale kuyang'anamo. Mukatha tsegulani masamba angapo akale kwambiri, dinani View Source musakenso dzinalo ndi Ctrl+F. Kampani zina zimakhala ndi ma domain awiri, ina ya script ina ya zithunzi ndi zowerengera, sakani onse.

Zotsatsa zosayenera zimabwera chifukwa posamutsa ma akaunti zosefera zanu zimabwerera pa default, kapena wogula waphatikiza gululo ndi otsatsa ake amene ali ndi malamulo ena. Lowani mu settings mutchingenso magulu amene simukuwafuna, ndipo yang'anani kuchokera mbali zingapo chifukwa zimene akuona munthu ali ku Lilongwe sizimene akuona m'bale wanu ali ku Johannesburg kapena ku Manchester, apempheni akujambulireni. Ngati dongosolo latsopanolo lilibe potchingira, kwa ine chimenecho chokha chikukwana kuti musamuke, makamaka ngati webusaiti yanu amawerenga ana asukulu kapena ndi ya mpingo. Owerenga sadziwa za kampani ya mabanner, amangoona kuti zatuluka pa tsamba lanu ndipo dzina loipa limakhala lanu.

Posankha kopita musatengeke ndi ratio yokoma. Amene akulonjeza 1:1 ndi ma credit aulere masauzande ongolowera, dzifunseni kuti iwowo akudya pati, chifukwa seva imafuna ndalama. Nthawi zambiri yankho limakhala ma popup, kapena alendo abodza a ma bot, mapulogalamu onamizira kukhala anthu. Onani mndandanda wa mamembala awo mutsegule mawebusaiti khumi kapena kuposerapo, kodi ndi amoyo, kodi banner ili pamalo ooneka kapena anaikankhira pansi penipeni pomwe palibe amafikapo, kodi owerenga awo angakhale ndi chidwi ndi zanu. Onani ngati code yawo ili pa https, ngati amalola kusankha dziko ndi gulu, ngati pali munthu woyankha imelo, atumizireni funso musanalowe muone masiku amene atenge. Werengani ngati amaletsa kukhala ndi code ya kampani ina pa tsamba limodzi. Ndipo ngati muli ndi AdSense, zotsatsa za Google zimene zimakulipirani, samalani kwambiri, Google imaletsa alendo ochokera ku mapulogalamu a autosurf, ongotsegula masamba okha, ndi olipira anthu kuti azidina, ndipo magulu ena odzitcha osinthana mabanner amachita zimenezo kuseri. Kutaya AdSense chifukwa cha ma credit aulere nkuluza kwakukulu.

Mukasankha, musasinthe webusaiti yonse tsiku limodzi. Ikani code yatsopano pa gawo limodzi kapena masamba ochepa, yakale ipitirize kwina pomwe ma credit ake akutha, muyerekeze kwa milungu iwiri kapena itatu. Musaunjike mabanner awiri malo amodzi, tsamba limalemera ndipo mukakumana ndi vuto simudziwa yalakwa ndi iti.

Kampani yatsopano ikakana banner yanu, kawirikawiri ndi kukula kapena kulemera kwa fayilo. 468x60 ndi ya kalekale ndipo magulu ena amailandirabe, koma konzaninso 728x90, 300x250 ndi 320x50 ya pa foni. Ngati yanu inali ya Flash iiwaleni, Adobe inasiya Flash pa 31 December 2020 ndipo ma browser saitsegulanso, pangani ya PNG, JPG kapena GIF yosalemera. Onaninso link imene banner ikulozera, ena imakanidwa chifukwa ikupita ku tsamba loti linasintha dzina kalekale.

Manambala osagwirizana asakusowetseni tulo msanga. Dashboard ikati munalandira ma click 200 koma analytics yanu ikuonetsa 120, kusiyana kwina nkwachibadwa, ena amadina mwangozi pa foni nkubwerera tsamba lisanatseguke, ena ali ndi zotchinga, ndipo kampani iliyonse imawerenga mwa njira yake. Chofunika ndi kukhala ndi muyeso wanuwanu. Pa link ya banner onjezerani utm_source, chizindikiro choonetsa kumene mlendo wachokera, ndi dzina la kampaniyo, yakale dzina lake yatsopano dzina lake, ndiye mu analytics muona amene akubweretsa anthu enieni, owerenga nkhani mpaka pansi ndi kutsegula tsamba lachiwiri. Mukaona alendo ambirimbiri ochokera dziko limodzi lomwe mulibeko owerenga, onse akukhala sekondi imodzi nkuchoka, amenewo ndi ma bot ndipo ma credit anu akupsa pachabe.

Pali tinthu tiwiri ta mapepala timene timaiwalika. Ngati kampani yakale kapena yatsopano imagulitsanso malo anu kwa otsatsa olipira, onani fayilo ya ads.txt, ija imatchula makampani ololedwa kugulitsa malo otsatsira pa webusaiti yanu, muchotse mizere ya akale muike ya atsopano, apo ayi otsatsa ena sagula malo anu. Ndipo tsamba lanu la zachinsinsi litchule kampani imene ikuika ma cookie panopa, makamaka ngati muli ndi owerenga ku Britain kapena ku Ireland komwe malamulo oteteza zachinsinsi a GDPR anayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018.

Tsopano tengani mndandanda uja wa mawebusaiti amene amakutumizirani alendo ambiri. Alembereni eni ake mwachindunji, auzeni kuti gulu lija lasintha ndipo mukufuna muzisinthana nokha, inu muika chithunzi chawo iwo aika chanu, mugwirizane malo ndi nthawi, mwina miyezi itatu kenako muonanenso. Chithunzicho chikhale pa seva yanu ndi link wamba, popanda script ya wina aliyense, ndiye palibe kampani ingagulidwe nkukusokonezani, komanso tsamba limapepuka. Kwa webusaiti ya Chichewa njira iyi ndimaiona yaphindu kuposa magulu akuluakulu akunja, chifukwa kumeneko banner yanu imakaonekera kwa anthu oti sangawerenge nkomwe zimene mwalemba, pomwe anzanu asanu olemba za kwathu ali ndi owerenga enieni amene mukuwafuna. Pa link zoterezi ikani rel="sponsored" kapena rel="nofollow", chifukwa Google imaona kusinthana ma link mopitirira muyeso ngati kufuna kubera pa search.

Akaunti yakale mutseke pomaliza penipeni, ma credit atatha, code yonse itachotsedwa ndipo ngati panali ndalama zoti akubwezereni zitalowa. Musanadine batani lotseka chotsani khadi la ku banki ngati munalisunga mmenemo, zimitsani zolipira zongodzikonzanso zokha, ndipo ngati pasiwedi ya akauntiyo mumaigwiritsanso ntchito pa imelo kapena pa hosting isintheni konseko, chifukwa database ya mamembala yadutsa m'manja ambiri pa nthawi yogulitsayo. Pakatha mwezi bwererani mu phpMyAdmin musakenso domain ija kachiwiri, nthawi zina imabwerera yokha munthu akabwezeretsa backup yakale kapena akayatsanso theme imene inali nayo.